Zoyatsa za debug pomanga kernel ya Linux: ndalemba pano kuti tisamabwerezebwereze

Funso ili labwera mokwanira pa gulu lathu la WhatsApp la akumudzi amene tili kuno ku Harare, makamaka kuchokera kwa ana asukulu a ku Harare Institute of Technology (HIT) ndi ku University of Zimbabwe (UZ) amene apatsidwa ntchito yolemba driver. Likumakhala lomwelomwelo, akuti achimwene kernel yanga ikungofa, ndiyatse chiyani mu menuconfig kuti ndione chavuta? Ndatopa ndi ma voice note, ndiye wina akafunsanso mungomuponyera izi.

Ndikunena za Linux pa kompyuta ya x86-64 imene ili ndi Ubuntu kapena Debian, ndipo kernel yake tengani ya LTS, imene imasamalidwa kwa nthawi yaitali, monga 6.1, 6.6 kapena 6.12. Maganizo anga ndikuuziranitu: musayatse zonse zimene zili mu gawo la Kernel hacking la menuconfig, menu ija yosankhira zolowa mu kernel, yatsani zogwirizana ndi vuto lanu basi, ndipo mukatero musakhulupirire kuti zalowa mpaka mutaona ndi maso. Anthu ambiri amagwera pa chachiwirichi, ndiye sitepe 5 musaidumphe.

1. Zida, malo pa disk, ndi nkhani ya magetsi

sudo apt install build-essential flex bison bc libssl-dev libelf-dev libncurses-dev dwarves gdb qemu-system-x86 busybox-static cpio

Source tengani pa kernel.org, fayilo ya tar.xz ija, imakhala cha m'ma 140 MB. Musachite git clone ya mbiri yonse ngati muli pa bandulo ya foni, imeneyo ndi ma GB angapo ndipo ikaduka pakati mumayambiranso pachiyambi. Mmodzi adawunilode pa wifi ya kusukulu, enanu mutengerane pa flash.

Magetsi akathima make ili pakati musalire, mukadzayatsanso ingolembaninso make, ipitiriza pamene inalekera chifukwa imaona mafayilo amene anatha kale. Chovuta n'chakuti nthawi zina fayilo imodzi ya .o imatsala yolembedwa theka, ndiye kumapeto linker imadandaula kuti file truncated kapena file not recognized, apo fufutani fayilo imene yatchulidwayo n'kubwerezanso make. Ndipo dziwani kusiyana kwa ziwirizi: make clean imasiya .config yanu, koma make mrproper imafufuta ndi .config yomwe. Laputopu ikwezeni m'mwamba pang'ono mpweya uzidutsa pansi, kutentha kwa mu October kuno kuphatikiza ndi kukompaila kumazimitsa malaputopu akalewa.

2. Config yoyambira

Pali njira ziwiri. Ngati code yanu sikufuna chipangizo chenicheni, mwachitsanzo mukuphunzira character device kapena system call, pangirani mu QEMU, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yongoyerekeza mkati mwa yanu:

make defconfig
make kvm_guest.config

Iyi imamangika mwachangu ndipo ikafa yafa yokha m'kawindo, laputopu yanu ili bwinobwino. Ine ndimauza aliyense kuti ayambe ndi imeneyi.

Ngati vuto lili pa chipangizo chenicheni, kaya wifi card kaya modem ya USB, muyambire pa config ya kernel imene ikuyenda panopa:

cp /boot/config-`uname -r` .config
make localmodconfig

localmodconfig imayang'ana ma module amene ali mkati panthawiyo n'kuzimitsa ena onse, ndiye lumikizani kaye chilichonse chimene mudzafune, flash, modem, mouse, musanalembe lamuloli, apo ayi mudzayatsa kernel yatsopano n'kupeza kuti flash sikuoneka. Osaidumpha localmodconfig, config yonse ya Ubuntu pamodzi ndi debug info imadya kupitirira 20 GB ndipo pa laputopu wamba mudzadikira maola.

Config ya Ubuntu ilinso ndi kamwala kena kamene aliyense amapunthwapo, kumanga kumayenda bwinobwino kenako kumaima ndi mawu akuti No rule to make target debian/canonical-certs.pem. Ndi ma certificate a Canonical amene inu mulibe. Chotsanitu:

./scripts/config --set-str SYSTEM_TRUSTED_KEYS ""
./scripts/config --set-str SYSTEM_REVOCATION_KEYS ""

Kenako, njira ina iliyonse mwasankha, ipatseni kernel dzina ndipo muiuze kuti izisunga config yake mkati mwake:

./scripts/config --set-str LOCALVERSION "-debug"
./scripts/config -e IKCONFIG -e IKCONFIG_PROC

Chachiwirichi chimabweretsa /proc/config.gz, kutanthauza kuti kernel imene ikuyendayo mutha kuifunsa yokha kuti unamangidwa ndi chiyani. Tichigwiritsa ntchito kutsogoloku.

3. Debug info, pamene malangizo akale amasocheretsa

Debug info ndi imene imalumikiza ma address a mu memory ndi dzina la fayilo ya C ndi nambala ya mzere. Popanda iyo gdb, pulogalamu yoimitsira code n'kuona zamkati, imangokuonetsani manambala. Imasungidwa mu mtundu wotchedwa DWARF mkati mwa fayilo ya vmlinux, imene imakhala pamwamba penipeni pa foda ya source mukamaliza kumanga. Musasokoneze vmlinux ndi bzImage: bzImage ndi yopanikizidwa, ndi imene kompyuta imadzukira, ilibe debug info, pamene vmlinux ndi yaikulu, mazana a MB, ndi imene mumapatsa gdb.

Tsopano apa tcherani khutu. Zolemba zambiri za pa intaneti zimati yatsani CONFIG_DEBUG_INFO=y basi. Zinali zoona kale, koma kuyambira 5.18 chosankha chimenechi simungachiyatse pachokha, chimayatsidwa ndi china. Mukalemba ./scripts/config -e DEBUG_INFO mzere ulowadi mu .config, muuona ndi maso, koma make ikangoyamba imauchotsa mwakachetechete osakuuzani kanthu. Choyenera kuyatsa ndi mtundu wa DWARF:

./scripts/config -e DEBUG_KERNEL
./scripts/config -d DEBUG_INFO_NONE
./scripts/config -e DEBUG_INFO_DWARF_TOOLCHAIN_DEFAULT
./scripts/config -d DEBUG_INFO_REDUCED
./scripts/config -e GDB_SCRIPTS -e KALLSYMS_ALL -e DEBUG_FS -e MAGIC_SYSRQ

DEBUG_INFO_REDUCED imakopa chifukwa imachepetsa kukula ndi nthawi yomangira, koma imataya zambiri zokhudza ma struct, ndiye mu gdb simungathe kutsegula struct n'kuona zamkati, ndipo ma script a gdb a kernel sagwira nayo bwino. Izimitseni. DEBUG_INFO_BTF nayo, imene imabwera yoyatsa mu config ya Ubuntu, ndi ya anthu a eBPF, imafuna pulogalamu ya pahole yochokera mu dwarves ndipo imadya RAM yambiri kumapeto kwa kumanga, ngati laputopu yanu ndi ya 4 GB ndipo simukuchita za eBPF ingolembani -d DEBUG_INFO_BTF.

4. Sankhani malinga ndi mmene kernel ikufera

Izi zili mu Kernel hacking mukatsegula make menuconfig, koma ine ndizitchula ndi maina ake a mu .config chifukwa malo ake mu menu amasuntha kernel ndi kernel.

Ikufa malo osiyanasiyana, lero apa mawa apo, mu code imene simunaigwire n'komwe? Kawirikawiri ndi memory: mwalemba kupitirira malire a buffer, kapena mukugwiritsa ntchito pointer imene munaibweza kale ndi kfree. Cholakwa chimachitika pano koma imfa imadzabwera patsogolo kwa wina wosalakwa. Apa yatsani KASAN. Inalowa mu 4.0 chaka cha 2015, ndipo mmene imagwirira ntchito ndi mwakuti compiler imaika kofufuza patsogolo pa kuwerenga ndi kulemba kulikonse kwa memory, ndipo pa ma byte 8 aliwonse pamakhala byte imodzi yapadera yosunga ngati malowo ndi ololedwa kapena ayi. Nchifukwa chake imatenga gawo limodzi mwa magawo 8 a RAM yanu yonse ndipo kernel imayenda pang'onopang'ono pafupifupi katatu. Koma ikagwira imakupatsani zinthu zitatu pakamodzi, pamene mwalakwira, pamene memory ija inatengedwa, ndi pamene inabwezedwa, ndipo nkhani imathera pomwepo nthawi zambiri.

Ngati makina sangakwanitse KASAN pali zopepuka. KFENCE, ya mu 5.12, imangolondera zochepa zosankhidwa apo ndi apo ndiye mtengo wake ndi wochepa, koma imafuna nthawi yaitali kuti igwire. Kapena SLUB_DEBUG, mumaiyatsa podzutsa kernel ndi slub_debug=FZPU, iyo imadzaza memory yobwezedwa ndi 0x6b, ndiye mukaona 6b6b6b6b6b6b6b6b mu register pa oops, lipoti limene kernel imalemba ikagunda cholakwa, musafunsenso wina, mwagwira chinthu chobwezedwa kale.

Ikungouma osanena kanthu, mouse siyenda, kiyibodi siyankha? Ganizirani maloko, amene amaletsa mbali ziwiri za code kugwira chinthu chimodzi nthawi imodzi. PROVE_LOCKING, imene anthu amaitchula lockdep, ya Ingo Molnar kuyambira 2006, imatsatira dongosolo limene mumatengera maloko, ndipo ubwino wake ndi wakuti sidikira kuti deadlock, kudikirana maloko kosatha, ichitike, ikangoona kuti kwina munatenga A kenako B, kwina B kenako A, imakuwa possible circular locking dependency detected ngakhale tsikulo zinthu zayenda bwino. Iyatseni pamodzi ndi DEBUG_ATOMIC_SLEEP imene imagwira cholakwa cha ophunzira onse, kuitana kmalloc ya GFP_KERNEL kapena mutex_lock muli mkati mwa spinlock kapena interrupt, imati sleeping function called from invalid context. Onjezaninso SOFTLOCKUP_DETECTOR ndi DETECT_HUNG_TASK, yachiwiriyi imadandaula ntchito ikaima masekondi 120. Kwa aliyense wolemba driver ine ndimati lockdep ndi DEBUG_ATOMIC_SLEEP zizikhala zoyatsa nthawi zonse, palibe chokambirana.

RAM ikungotha pang'onopang'ono? DEBUG_KMEMLEAK. Mukayendetsa code yanu dikirani kanthawi, kenako echo scan > /sys/kernel/debug/kmemleak n'kuchita cat fayilo yomweyo. Nthawi zina imanamizira zosalakwa, werengani ndi nzeru.

Ma CPU awiri akulimbirana variable imodzi popanda loko? Imeneyo ndi ntchito ya KCSAN, ya mu 5.8, koma KCSAN ndi KASAN sizikhalira limodzi mu kernel imodzi, muyenera kumanga ziwiri zosiyana.

Mukungofuna kuona zimene driver ikunena? DYNAMIC_DEBUG imakulolani kuyatsa ma pr_debug ndi dev_dbg kernel ikuyenda, osamanganso: echo 'module dzina +p' > /sys/kernel/debug/dynamic_debug/control. Ndi yotchipa, ingoyatsani.

N'chifukwa chiyani ndikukaniza kuyatsa zonse? Kupatula kuchedwa ndi RAM, zinthu zimenezi zimasintha liwiro la code, ndiye cholakwika chimene chimadalira kuti ndani wafika poyamba chimatha kubisala mukaziyatsa, inu n'kumati zatheka pamene zangobisala. Chinanso dmesg imadzaza ndi madandaulo a ma driver ena osakukhudzani, lanu n'kusowa pakati. Ngati simukudziwa poyambira, ma kernel atsopanowa ali ndi kernel/configs/debug.config, mumalemba make debug.config, koma itseguleni kaye muwerenge zimene ikuyatsa.

5. Tsimikizani kuti zalowadi

Iyi ndi sitepe imene malangizo ambiri amaidumpha, ndipo anthu amataya masiku pano. Fayilo ya .config si inu amene muli ndi mawu omaliza pa iyo. scripts/config ndi kapulogalamu kongolemba mizere, sikadziwa kuti chosankha chakuti chimadalira chakuti, sikadziwa ngakhale kuti dzina mwalembalo kulibe, mukalemba -e KASSAN kalemba CONFIG_KASSAN=y mosangalala. Woweruza ndi Kconfig, ndipo amaweruza make ikayamba. Chilichonse chimene zodalira zake sizinakwane, kapena compiler yanu siichirikiza, kapena dzina lake linasintha, chimachotsedwa popanda error iliyonse. Kumanga kumatha bwino, kernel imadzuka bwino, inu mumayendetsa driver, KASAN osanena kanthu, n'kulemba pa gulu kuti memory ilibe vuto. Pamene KASAN mulibemo.

Ndiye chitani chonchi, motsatana. Choyamba muitaneni woweruzayo musanamange:

cp .config zofuna.config
make olddefconfig
./scripts/diffconfig zofuna.config .config

diffconfig imaonetsa kusiyana kokha. Mzere woyamba ndi - ndiye kuti chachotsedwa, wa + chawonjezedwa, wa y -> n chazimitsidwa. Ngati pa zochotsedwazo pali chimene munachiyatsa ndi manja anu, imani pomwepo. Kenako funsani mwachindunji:

grep -E "CONFIG_DEBUG_INFO=|CONFIG_KASAN=|CONFIG_PROVE_LOCKING=|CONFIG_GDB_SCRIPTS=" .config

Mizere inayi ituluke, ngati munayatsa zonse zinayi. Yatuluka itatu, fufuzani chifukwa. Tsegulani make menuconfig, dinani / n'kulemba dzina la chosowacho, ikuonetsani mzere wa Depends on ndipo pambali pa chodalira chilichonse pali [=y] kapena [=n]. Chimene chili [=n] ndi chimene chikukutsekerani. Chizindikiro cha ! chimatanthauza kuti chinthucho chiyenera kukhala chozimitsa, ndiye mukaona !KASAN pa KCSAN mwamvetsa chifukwa chake ikukana. Pamenepo palinso manambala kumanzere kwa zotsatira, mukadina nambalayo imakufikitsani pamalo penipeni mu menu, anthu ambiri sadziwa zimenezi amangoyendayenda. Ndipo chosankha chikakhala kuti sichikuoneka n'komwe mu menu sikuti kulibe, chabisika chifukwa chodalira chake chazima, kawirikawiri DEBUG_KERNEL kapena EXPERT.

Chenjezo lina: mukalembanso make defconfig pambuyo pa zonsezi, zonse munasankha zapita, imalemba .config yatsopano pamwamba. Yakale imatsala kamodzi kokha mu .config.old. Config ikakhala bwino ikopereni kunja kwa foda ya source.

Mukamanga ndi kudzutsa, funsaninso kernel yamoyo, osati fayilo ya pa disk:

uname -r
zcat /proc/config.gz | grep KASAN=

uname isonyeze -debug kumapeto. Ikapanda kutero mwadzutsa kernel yakale, ndipo zimachitika kwambiri pa makina enieni, GRUB, menu yosankhira kernel poyatsa kompyuta, imasankha ina inu muli kuyang'ana foni.

Chomaliza, chimene ine ndimachiona kuti ndi chofunika kuposa zonse. Amene anatcherapo mbewa kumudzi akudziwa kuti diwa sulisiya kumunda usanaliyese ndi kamtengo kuti uone ngati likugwa. Kernel ili ndi kamtengo kake, dzina lake LKDTM, module imene ntchito yake ndi kulakwitsa dala. Yatsani ./scripts/config -e LKDTM musanamange, ndipo mukadzutsa mu QEMU:

echo READ_AFTER_FREE > /sys/kernel/debug/provoke-crash/DIRECT
dmesg | tail -60

Ngati KASAN ilimo muona mzere woyamba ndi BUG: KASAN wotchula use-after-free mu lkdtm_READ_AFTER_FREE, ndi ma stack trace a Allocated by ndi Freed by. Mukaona zimenezo ndiye mwadziwa kuti chete wa KASAN pa driver yanu ali ndi tanthauzo. Mukachita cat pa fayilo ya DIRECT ija ikupatsani mndandanda wa zolakwa zonse zimene ingachite, zina zimaphadi kernel, ndiye izi ndi za mu QEMU osati pa laputopu imene muli ndi assignment yosasunga.

Koma mukayesa chonchi dzutsaninso kernel musanayese driver yanu, chifukwa KASAN imanena cholakwa choyamba chokha kenako imakhala chete, pokhapokha mutaika kasan_multi_shot pa mzere wodzutsira. lockdep nayonso chimodzimodzi, ikadandaula kamodzi imadzizimitsa, mpaka mudzaona mawu akuti lockdep is turned off mu ma oops otsatira. Ndiye ngati driver ina yosakukhudzani inadandaulitsa lockdep podzuka, yanu sikulonderedwanso ngakhale config ikuti y. Yang'anani dmesg yonse kuchokera pamwamba musanayambe, ndipo nthawi zonse cholakwa choyamba ndi chimene muyenera kuwerenga, zotsatirazo kawirikawiri ndi ana ake.

6. Kumanga ndi kudzutsa mu QEMU

make -j4
make scripts_gdb

Nambala ya -j ikhale yofanana ndi ma core anu, RAM ikachepa tsitsani. Kernel imafuna kena koti iyendetse ikadzuka, ndiye pangani initramfs, mtolo wa mafayilo umene kernel imatsegula mu RAM ikadzuka, yaing'ono ya busybox, pulogalamu imodzi yokhala ndi malamulo ngati sh ndi mount. Pangani foda yotchedwa ramfs yokhala ndi bin, proc, sys ndi dev, koperani /bin/busybox mu bin, ndipo pamwamba pake lembani fayilo ya init:

#!/bin/busybox sh
/bin/busybox --install -s /bin
mount -t proc proc /proc
mount -t sysfs sys /sys
mount -t devtmpfs dev /dev
mount -t debugfs none /sys/kernel/debug
exec sh

chmod +x init, module yanu ya .ko muiponye momwemo, kenako muli mkati mwa fodayo:

find . | cpio -o -H newc | gzip > ../ramfs.gz

Busybox ikhale ya busybox-static, inayo imafuna ma library amene mulibemo ndipo kernel ifa ikunena kuti yalephera kuyendetsa init. Tsopano:

qemu-system-x86_64 -enable-kvm -m 2G -smp 2 -kernel arch/x86/boot/bzImage -initrd ramfs.gz -append "console=ttyS0 nokaslr" -nographic -s

-smp 2 ndi yofunika, mavuto ambiri a maloko saoneka pa CPU imodzi. -enable-kvm ikakana ndiye kuti virtualization ndi yozimitsa mu BIOS, malaputopu ambiri ogula ogwiritsidwa kale ntchito mu town amabwera choncho, kaiyatseni kapena ingochotsani mawuwo muyende pang'onopang'ono. Potuluka mu QEMU ndi Ctrl-a kenako x.

7. Kulumikiza gdb

-s ija imatsegula khomo la gdb pa port 1234. Mukawonjezera -S wamkulu QEMU imaima kudikira inu isanayambe n'komwe. Pa terminal ina, muli mu foda ya source:

gdb vmlinux
target remote :1234
hbreak start_kernel
continue

Zinthu zitatu zimavuta apa. Choyamba ndi nokaslr. Kernel ya masiku ano imadziika pa address yosiyana nthawi iliyonse ikadzuka pofuna chitetezo, ndiye ma address a mu vmlinux sagwirizana ndi a mu memory, breakpoint imakhala pamalo opanda kanthu ndipo gdb sidandaula, imangodikira mpaka kalekale. Mukaiwala nokaslr mudzaganiza kuti function yanu siikuitanidwa. Chachiwiri, koyambirira kwa kudzuka gwiritsani hbreak osati break, chifukwa code imene mukufuna kuimitsayo panthawiyo isanafike n'komwe pamalo pake. Kernel ikadzuka break wamba amagwira, yesani break vfs_read muone. Chachitatu, gdb imakana kutsegula vmlinux-gdb.py ponena za safe-path, werengani uthengawo, umakupatsani mzere wa add-auto-load-safe-path woti muike mu fayilo ya gdbinit. Mukatero mupeza lx-dmesg imene imawerenga log ngakhale kernel itauma, lx-ps, ndi lx-symbols imene imalowetsa ma symbol a module yanu, iyi muiyendetse ndipo izitsatira yokha mukachita insmod.

Mukaona optimized out pa variable musadabwe ndipo musayese kumanga kernel yonse ndi -O0, simangika, code yake imadalira kuti compiler ichotse ndi kuphatikiza zinthu zina. Ikani pr_info kapena yang'anani mu ma register. Za KGDB ndi kgdboc zisiyeni kaye, ndi za pamene mukufuna gdb pa makina enieni kudzera pa chingwe cha serial, mu QEMU sizifunika.

8. Kuwerenga oops

Oops ndi lipoti limene kernel imalemba ikagunda cholakwa. Yang'anani mzere wa RIP, uli ndi dzina la function ndi manambala ngati +0x2a/0x90, kutanthauza byte ya 0x2a mu function yotalika 0x90. Pansi pake pali Call Trace, muwerenge kuchokera pamwamba kutsika, mizere yoyamba ndi ? ndi zotsalira za pa stack zosadalirika. Kuti manambalawo asanduke mizere ya C, sungani oops mu fayilo:

./scripts/decode_stacktrace.sh vmlinux < oops.txt

kapena pa function imodzi, ./scripts/faddr2line vmlinux dzina+0x2a/0x90, ndipo ngati function ili mu module mupatseni fayilo ya .ko m'malo mwa vmlinux.

Apa pali chinthu choopsa chifukwa sichioneka: vmlinux iyenera kukhala ya kumanga komweko kumene kunatulutsa kernel imene yafayo. Mukasintha mzere umodzi n'kumanganso, kenako n'kumasulira oops yadzulo, script ikupatsani mayankho ooneka bwino koma olakwika, mudzakhala mukuyang'anitsitsa mzere wosalakwa. Pa oops pali nambala ngati #3 pafupi ndi dzina la kernel, imakwera nthawi iliyonse mukamanga. Yerekezani ndi zimene zikutuluka pa strings vmlinux | grep "Linux version". Zikasiyana bwerezani kufako ndi kernel yatsopano.

Manambala ena muziwadziwa pamtima. Address yaing'ono ngati 0000000000000008 ndi pointer ya NULL kuphatikiza malo a field mu struct. dead000000000100 ndi dead000000000122 ndi zimene list_del imasiya, ndiye kuti mwagwira kapena mwachotsanso kachiwiri chinthu chochotsedwa kale pa list. Pa mzere wa Tainted, O akutanthauza kuti muli module yochokera kunja kwa source, ngati yanuyo, ndipo W akutanthauza kuti panali kale chenjezo lina m'mbuyomo, kweraninso mu dmesg mukalipeze.

9. Ngati ndi pa makina enieni

sudo make INSTALL_MOD_STRIP=1 modules_install
sudo make install

INSTALL_MOD_STRIP=1 musaiiwale, popanda iyo ma module amapita ndi debug info yawo yonse, initrd imafufuma mpaka /boot kudzaza. Simutaya kanthu, ma .ko athunthu akadali mu foda ya source. Kernel yakale musaichotse, ndi yothawirako pa Advanced options ya GRUB. Secure Boot ikakhala yoyatsa kernel yanu yopanda siginecha ikanidwa, izimitseni mu BIOS. Pa mzere wodzutsira chotsani quiet ndi splash, ikani ignore_loglevel ndi log_buf_len=4M kuti chiyambi cha nkhani chisafufutike.

Makina akauma log isanafike pa disk, yesani Alt, SysRq ndi w pamodzi kuti muone ntchito zimene zaima, muli pa console ya Ctrl-Alt-F3 osati pa desktop. Mukakhala ndi kompyuta yachiwiri ndi chingwe cha network, NETCONSOLE imatumiza log kumeneko kudzera pa UDP mpaka mphindi yomaliza. Zonsezi zikakanika jambulani screen ndi foni, kanema ndi wabwino kuposa chithunzi chifukwa mizere yoyamba imathawa msanga.

Zikavutabe bwerani pa gulu, koma mubwere ndi zinthu izi: .config ya pambuyo pa olddefconfig, zotuluka pa uname -a, dmesg yonse ngati fayilo osati ma screenshot odulidwa, ndi oops yoyamba yodutsa kale mu decode_stacktrace.sh. Munenenso ngati munayesa LKDTM ndipo inagwidwa.